Maina Olembedwa ndi Maina Osowa: Mabwalo a Nkhondo Ozungulira Chiwaridzo

Chiwaridzo ndi lokeshoni ya m'tauni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Harare. Tauniyi inakula ndi migodi ndi mapulazi. Chapafupi pali mgodi wa Trojan, kumene kwa zaka zambiri ankakumba nickel, ndi mgodi wa golide wa Freda Rebecca, ndipo mozungulira monse muli minda ya m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe. Chinenero cha mumsewu ndi Chishona, koma maina a Phiri, Banda ndi Mwale sasowa pa zitupa za anthu a kumeneko. Eni mainawa ndi ana ndi adzukulu a amuna amene anachokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kudzagwira ntchito, nakalamba osabwerera kwawo.

Msewu waukulu wochokera ku Harare umadutsa ku Mazowe ndi ku Glendale, umafika ku Bindura, kenaka umapitirira kumpoto mpaka ku Mount Darwin, kumene njira zina zimatsikira ku Mukumbura, pa malire ndi chigawo cha Tete. Munthu wa ku Chiwaridzo akalowera chakummwera pa msewu umenewu amafika pamene panamenyedwa nkhondo mu 1896. Akalowera kumpoto amafika m'dera limene nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inayakira mwamphamvu kuyambira mu 1972. Mbali zonse ziwiri zili ndi zikumbutso zake, ndipo mlendo wolankhula Chichewa akaziyendera amazindikira msanga kuti chikumbutso chilichonse chinasankha anthu oti chiwatchule. Atsamunda anatchula awo, boma la ufulu linatchula ake. Wantchito wobwera, amene nkhondo zonse ziwiri zinamupeza ali m'komboni, sanawerengedwe kwenikweni ndi mbali iliyonse.

Mazowe, 1896

Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inalowa m'dziko la Ashona mu 1890. Pasanathe zaka 6 inali italanda minda ndi ng'ombe, itaika msonkho wa nyumba mu 1894, ndiponso inkagwira amuna mokakamiza kuti akakumbe m'migodi. Pamwamba pa zimenezi panabwera dzombe, chilala ndi mliri wa ng'ombe wa rinderpest. Andebele anayamba kuukira mu Malichi 1896, ndipo Ashona anatsatira mu Juni. Nkhondo imeneyi ndi imene lero imatchedwa Chimurenga choyamba.

M'chigwa cha Mazowe azungu ochepa anathawira pa mgodi wa Alice, umene mkulu wake anali J. W. Salthouse, nadzitchinga pa kaphiri ka miyala. Pa 18 Juni ena a iwo anayesa kulowera ku Salisbury, koma atatu anaphedwa panjira: Dickenson, Faull, ndi Kaputeni Cass wa mpingo wa Salvation Army. Tsiku lomwelo anthu awiri a ntchito ya telegalafu, Blakiston ndi Routledge, anatsikira ku kanyumba ka lamya kukatumiza uthenga wopempha thandizo. Uthengawo unafika, koma onse awiri anaphedwa pobwerera. Pa 20 Juni, Randolph Nesbitt, amene anabwera ndi kagulu ka apakavalo, anatsogolera onse otsalawo kubwerera ku Salisbury. Akazi atatu anawaika m'ngolo imene anaikuta ndi zitsulo m'mbali, ndipo anayenda tsiku lonse zipolopolo zikuchokera m'udzu ndi m'mapiri a m'mbali mwa msewu. Amuna ena atatu anafera panjira. Nesbitt analandira mendulo ya Victoria Cross, yaikulu koposa pa asilikali a Britain.

Nkhani imeneyi atsamunda anaisunga mosamala kwambiri. Anamangira Blakiston ndi Routledge chikumbutso ku Mazowe komweko, anatcha misewu maina awo mu Salisbury, ndipo sukulu ya Blakiston ku Milton Park ilipo mpaka lero. Malipoti a kampani, amene anasindikizidwa mu 1898, anandandalika azungu ophedwa mmodzimmodzi, dzina ndi malo. Ashona amene anafa pa zigwa zomwezo, ndi amene anaphulitsiridwa m'mapanga ndi dayinamaiti m'miyezi yotsatira, sanalembedwe chotero. Ngakhale munthu amene ankayendetsa ngolo ija, wochokera ku Cape, mbiri imamutchula ndi dzina limodzi lokha, Hendrik. M'migodi ndi m'masitolo a azungu munalinso antchito akuda ochokera kutali, ena a ku Zambezi, ndipo ena mwa iwo anaphedwa pamodzi ndi mabwana awo chifukwa ankaoneka ngati anthu a kampani. Amenewa sanalowe m'mndandanda wa mbali iliyonse.

Mbali ya Ashona inadikira zaka zambiri kuti ipeze chikumbutso chake. Charwe Nyakasikana, mkazi amene mzimu wa Nehanda unkalankhula kudzera mwa iye, ankakhala m'mapiri a Mazowe. Ulemu wake pakati pa anthu a kumeneko unali wofanana ndi umene Achewa ankapereka kwa Makewana ku Msinja. Anamuimba mlandu wa imfa ya H. H. Pollard, bwanamkubwa wa kampani m'dera la Mazowe, ndipo anamunyonga ku Salisbury pa 27 Epulo 1898, tsiku limodzi ndi Kaguvi. Chifaniziro chake chinatsegulidwa pa 25 Meyi 2021 pakati pa mzinda wa Harare, pamene Samora Machel Avenue imakumana ndi Julius Nyerere Way. Kuchokera pa imfa yake kufika pa chifaniziro panapita zaka 123.

Mmene Chichewa chinafikira m'chigwa

Nkhondo ya 1896 itatha, migodi ndi mapulazi zinachuluka, koma Ashona ambiri anali ndi minda yawoyawo ndipo sankafuna kukhalitsa pa ntchito ya mzungu. Olemba ntchito anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland nakonso kunali msonkho wa nyumba, ndipo ndalama yolipirira inali yosowa. Amuna anayamba kuyenda pansi m'magulu, kudutsa m'dziko la Tete, kuwoloka Zambezi, ndi kulowa mu Rhodesia kudzera ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Wolowera ku Mount Darwin ntchito yoyamba ankaipeza m'mapulazi ndi m'migodi ya Bindura, Shamva ndi Mazowe.

Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito, Rhodesian Native Labour Bureau, limene antchito enieniwo analitcha chibalo, mawu amene mwana wa sukulu ku Malawi amawadziwa mpaka lero monga dzina la chilango. Patapita zaka kunabwera malole a Ulere, onyamula anthu opita kukafuna ntchito popanda kulipira, ndi bungwe lina limene anthu ankalitcha Mthandizi. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'dzikolo anali kunja. Ambiri anabwerera ndi njinga, masutikesi ndi makina osokera. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona.

Anthu amenewa anasiya mbiri yawoyawo m'derali. Mu 1927 antchito pafupifupi 3,500 a mgodi wa golide wa Shamva, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Bindura, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Ambiri a iwo, pamodzi ndi atsogoleri awo, anali a ku Nyasaland, ndipo boma linathetsa sitalakayo ndi apolisi ndi asilikali, atsogoleriwo nkuwathamangitsa m'dziko. M'makomboni anakhazikitsa mipingo, mizikiti, magulu othandizana pamaliro, ndi madambwe a Gule Wamkulu, amene Ashona amautcha zvigure. Pofika m'zaka za m'ma 1970 panali mbadwo wonse wa ana obadwira m'komboni, olankhula Chishona ndi Chichewa, amene mudzi wa makolo awo ankangoumva dzina.

Kuchokera ku Chifombo kufika ku Altena

Nkhondo yachiwiri inabwera kudzera m'njira yomwe ija ya antchito, kuchokera kumpoto. Gulu la FRELIMO linatsegula nkhondo yake m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo patapita zaka zochepa linalola asilikali a ZANLA, gulu lankhondo la chipani cha ZANU, kudutsa m'madera ake. Msasa wa Chifombo, pa malire a Zambia ndi Mozambique, ndiwo unali poyambira. Kuchokera pamenepo mfuti, zipolopolo ndi mabomba zinkasenzedwa pamutu, kudutsa m'midzi ya anthu olankhula Chichewa, Chinsenga ndi Chinyungwe, kuwoloka Zambezi, mpaka kukabisidwa m'mapiri a kumpoto kwa Rhodesia. Mu 1972 omenyera ufuluwo ananyamulanso gogo wina wokalamba kwambiri, amene mzimu wa Nehanda unkalankhula mwa iye m'masiku amenewo, nkupita naye ku Chifombo, kumene anamwalirira chaka chotsatira. Chimodzi mwa zigawo zawo zankhondo anachitcha Nehanda, ndipo mtsogoleri wake anali Rex Nhongo, amene dzina lake lenileni linali Solomon Mujuru.

Usiku wa pa 21 Disembala 1972 asilikali a m'chigawo chimenechi anawombera nyumba ya pa pulazi ya Altena, m'dera la Centenary, ndipo mwana wamkazi wa mwini pulaziyo anavulala. Patapita masiku awiri anawomberanso pulazi yoyandikana nayo, Whistlefield, kumene banjalo linathawira, ndipo galimoto ya asilikali obwera kudzathandiza inaponda bomba lokwirira pansi. Poyerekeza ndi zimene zinadza pambuyo, izi zinali zazing'ono, koma olemba mbiri amawerenga tsikuli monga chiyambi cha gawo lalikulu la nkhondoyo. Pa 9 Januwale 1973 Ian Smith anatseka malire ndi Zambia. Asilikali ake anatcha nkhondo ya kumpoto chakum'mawa Operation Hurricane.

Bindura inasanduka tauni ya asilikali. Akuluakulu oyendetsa Operation Hurricane anakhalapo kumeneko. Gulu la Selous Scouts, limene linakhazikitsidwa mu 1973 pansi pa Ron Reid-Daly, linayambira ntchito zake pafupi ndi mgodi wa Trojan, ndipo linali ndi linga lake ku Bindura. Ntchito ya gululi inali kuvala ndi kuyankhula ngati omenyera ufulu, kulowa m'midzi, ndi kuulula kumene enieniwo anabisala. Omenyera ufulu ogwidwa ankawatengera m'lingamo ndi kuwakakamiza kusankha pakati pa kutembenuka ndi imfa. Chotsatira chake chinali chakuti munthu wa kumudzi sankadziwanso ngati wamfuti wogogoda usiku anali amene ankadzitcha kuti ndiye.

Mu Julayi 1974 boma linasamutsa anthu oposa 40,000 a m'dera la Chiweshe, kumadzulo kwa Bindura, nkuwatsekera m'misasa 21 yozingidwa ndi waya, imene anthu anaitcha makipi. Cholinga chinali chakuti omenyera ufulu asowe chakudya ndi owauza nkhani. Anthu anasiya nyumba, nkhokwe ndi manda a makolo awo, ndipo ankatuluka m'mawa ndi kulowa dzuwa lisanalowe, akusechedwa pachipata. Dera la Madziwa linatsatira m'chaka chomwecho. Bungwe la Akatolika loona za chilungamo ndi mtendere linasindikiza mu 1975 lipoti lotchedwa The Man in the Middle, lonena za munthu wamba wopanikizika pakati pa mbali ziwirizo.

Wantchito wobwera anali pakati penipeni kuposa wina aliyense. Pa pulazi, mpanda wa waya, magetsi ndi wailesi yoitanira thandizo yotchedwa Agric-Alert zinali za nyumba ya mzungu, ndipo kawirikawiri komboni inali kunja kwa mpandawo. Usiku omenyera ufulu ankafika kudzafuna chakudya, kudzafunsa za kayendedwe ka bwana, kapena kudzalamula antchito kuti achoke pa pulazi kuti chuma cha Smith chigwe. M'mawa asilikali ankafika kudzafunsa kuti mapazi aja analowera kuti, ndipo wosayankha ankamenyedwa. Mshona akalamulidwa kuchoka anali ndi mudzi wopitako, ngakhale mudziwo unali utasanduka kipi. Mnyasa wobadwira m'komboni, kapena amene anachoka ku Dedza zaka 30 zapitazo, analibe munda kapena mfumu yomulandira, ndipo kukhala kwake pa pulazi kunkaoneka ngati kusankha mbali ya mzungu. Akuluakulu anati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Umboni woopsa wa zimenezi unachokera kutali ndi Bindura, ku minda ya tiyi ya ku Honde Valley kum'mawa kwa dzikolo, kumene mu Disembala 1976 antchito 27 anawomberedwa usiku umodzi, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

Si onse amene anangokhala pakati. Ana ena a obwera anawoloka malire kukaphunzira nkhondo, ena anakhala amujibha ndi achimbwido, anyamata ndi atsikana otumikira omenyera ufulu ndi uthenga ndi chakudya. Enanso anali m'gulu la asilikali ndi apolisi a boma. Nkhondo inatha ndi pangano la Lancaster House pa 21 Disembala 1979, zaka 7 zenizeni chichitikire cha Altena, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 Epulo 1980.

Chibondo

Malo amene mlendo wochokera ku Chiwaridzo amakumana ndi nkhondoyi maso ndi maso ali m'boma la Mount Darwin, tauni imene ili makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Bindura. Pa Chibondo pali mgodi wakale wa golide, umene ena amautcha William Monkey ndipo ena Monkey William. Anthu a m'derali ankadziwa kuyambira kale kuti m'dzenje la mgodiwo munaponyedwa mitembo. Mu Malichi 2011 bungwe la Fallen Heroes Trust, lotsogozedwa ndi George Rutanhire amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu, linayamba kutulutsa mafupawo. Pa masabata ochepa linatulutsa mitembo yoposa 600. Televizioni ya boma inaonetsa zithunzi zake, ndipo anthu, kuphatikizapo ana a sukulu, anatengedwa kukaona. Bungwelo linanena kuti onsewo anali anthu ophedwa ndi asilikali a Smith.

Kuti asilikali a Rhodesia anapha anthu ambiri m'dera limeneli, zimenezo mbiri imachitira umboni. Chimene chinadzetsa mkangano ndi kafukulidwe kake. Ntchitoyo inagwiridwa ndi anthu odzipereka, popanda akatswiri oyeza mafupa, ndipo maina ena ankatchulidwa ndi anthu ogwidwa ndi mizimu. Mitembo ina inaoneka ngati sinakhalitse zaka 30 pansi, ndipo ena anafunsa ngati munalibe anthu ophedwa pambuyo pa ufulu. Bungwe la Amnesty International linapempha kuti ntchitoyo iime kaye kufikira akatswiri atabwera. Asilikali akale a ZIPRA, gulu lankhondo la chipani cha ZAPU, anapita kukhoti ponena kuti mwina ena mwa akufawo anali anzawo, ndipo mu Epulo 2011 woweruza Nicholas Mathonsi wa Khoti Lalikulu ku Bulawayo analamula kuti kufukulako kuime. Pambuyo pake mafupawo anaikidwanso m'manda pamalo pomwepo, ndipo Chibondo inakhala malo a chikumbutso.

Katswiri akamafukula manda otere amalemba pamene fupa lililonse lagona, amasunga chovala, lamba, ndalama yachitsulo kapena chitupa pamodzi ndi mtembo wake, amayeza mano ndi mafupa kuti adziwe msinkhu ndi chimene chinapha munthuyo, ndipo amatenga DNA yoti adzaiyerekeze ndi ya abale. Mafupa akasakanizika, njira yobwezera munthu dzina lake imakhala yatsekeka. Chotero mlendo woima pa Chibondo amaima pamaso pa anthu mazanamazana amene ambiri a iwo maina awo sakudziwika. Pakati pawo pakhoza kukhala womenyera ufulu, mayi wa ku kipi amene anachedwa kulowa pachipata, kapena woyendetsa thirakitala wa pa pulazi amene kwawo kunali ku Ntcheu. Banja la Chishona limene mwana wake anasowa linali ndi mfumu, mudzi ndi achibale oti afunse. Mchona akasowa, kumudzi kwawo anali atamulira kale kapena atamuiwala, ndipo m'komboni anzake ankabalalika pulazi ikatsekedwa.

Mchewa aliyense amadziwa kuti kumanda sikulowedwa ngati kumsika. Munthu amayamba waonana ndi eni malo, amatsitsa mawu, ndipo satola kanthu pansi. Mwambo womwewo ndi woyenera pa Chibondo, makamaka popeza malowa akhala akugwiritsidwa ntchito pa mikangano ya ndale. Wopitako akhoza kumva nkhani imodzi kwa womulondolera ndi ina kwa nkhalamba ya m'mudzi woyandikana, ndipo zonse ziwiri ndi zofunika kuzimva.

Kumpoto kwa Mount Darwin bwalo la nkhondo linadzisunga lokha m'njira ina yoopsa. Kuyambira mu 1974 asilikali a Rhodesia anakwirira mabomba m'mbali mwa malire ndi Mozambique, kudutsa ku Mukumbura, kuti atseke njira yochokera ku Tete. Nkhondo itatha mabombawo anatsala m'nthaka, akupha ng'ombe ndi kudula miyendo ya abusa ndi ana a sukulu. Bungwe la HALO Trust linayamba kuwachotsa m'dera limeneli mu 2013. Njira imene amuna a ku Nyasaland anatsikira pofuna ntchito, ndi imene mfuti za ku Chifombo zinadzera, inakhala kwa zaka zoposa 40 malo amene mwana sakanatha kupatuka pa kanjira.

Amene analembedwa ndi amene anasiyidwa

Boma la ufulu linamanga zikumbutso zake. Ku Harare kuli National Heroes Acre, ndi manda a msilikali wosadziwika, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malo ake oikako ngwazi. A chigawo cha Mashonaland Central ali ku Bindura komweko, kumene anthu amasonkhana pa Tsiku la Ngwazi, Lolemba lachiwiri la mwezi wa Ogasiti. Kunja kwa dziko kuli zikumbutso pa misasa imene asilikali a Rhodesia anaiphulitsa: Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi Chimoio mu Novembala 1977 ku Mozambique, Freedom Camp ku Chikumbi ndi Mkushi mu Okutobala 1978 ku Zambia. Msasa wa Tembue, umene unaphulitsidwa patangopita masiku awiri chichitikire cha Chimoio, unali m'chigawo cha Tete, kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la anthu olankhula Chichewa. Zikumbutso zonsezi zimalemekeza womenya nkhondo ndi wothawa nkhondo wa ku Zimbabwe. Ungwazi umaperekedwa ndi boma, ndipo umatsata mbiri ya munthu m'chipani ndi m'gulu lankhondo. Wantchito amene anafera pa khomo la nyumba yake ya m'komboni alibe gulu lomuyankhulira.

A ku Malawi amadziwa kachitidwe kameneka kuchokera ku Zomba. Chipilala cha King's African Rifles chili ndi maina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma atengatenga, amene anali ochuluka kwambiri kuposa asilikaliwo ndipo anafa ndi njala ndi matenda akusenza katundu, ambiri sanalembedwe. Wonyamula mfuti amakhala m'kaundula wa malipiro, pamene wosenza katundu ndi wolima fodya amangowerengedwa m'chiwerengero.

Kusowa pa chipilala kunali ndi mtengo wake kwa amoyo. Pamene funso la yemwe ali mwini dziko linayamba kuyankhidwa ndi mbiri ya nkhondo, ana a obwera anapezeka opanda umboni. Zitupa za ambiri zinali ndi chilembo A, kutanthauza mlendo, ngakhale anabadwira ku Trojan kapena ku Shamva. Mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo ochepa okha ndiwo analandira minda. M'zaka zomwezo Pulezidenti Robert Mugabe ananena za anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, mawu amene anapweteka anthu amene ali ndi ziwongo zawo, Abanda ndi Aphiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti aliyense wokhala ndi kholo lakunja akane unzika wa dziko linalo, ngakhale sanaupemphepo, ndipo ambiri amene sanathe kutero anachotsedwa pa kaundula wa ovota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, m'gawo 43, anabwezera unzika wobadwa nawo kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC. Lamulo linakonzedwa, koma mbiri yolembedwa ya nkhondo idakali ndi mpata pamalo pawo.

Mpata umenewu sungatsekedwe ndi mafupa a pa Chibondo, popeza iwo sadzanenanso maina awo. Umboni umene watsala uli m'mitu ya nkhalamba za ku Chiwaridzo, Chipadze, Trojan, Shamva ndi Glendale. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 usiku wa Altena lero wapitirira zaka 70. Iye amakumbukira dzina la kapitawo amene anatengedwa ndi asilikali osabwerera, pulazi imene komboni yake inatenthedwa, ndi mudzi wa ku Dowa kapena ku Katete umene malemuyo ankautchula. Mabuku a mipingo, a mizikiti ndi a magulu a maliro a m'migodi nawonso amasunga maina ndi masiku. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tete kuli mabanja amene amangodziwa kuti agogo anapita ku Halale ndipo makalata anasiya kubwera cha m'ma 1975.

Pa mwambo wa Achewa maliro satha tsiku loika. Pamakhala kumeta, pamakhala bona, ndipo masiku ano pamakhala chiliza cholembedwa dzina, kuti mwana wobadwa mawa adzadziwe amene agona pamenepo. Kwa machona amene nkhondo inawameza m'chigwa cha Mazowe ndi m'mapiri a Mount Darwin, miyambo imeneyi sinachitike. Chimene chingachitikebe ndi kaundula wamba, wolembedwa ndi adzukulu a mbali zonse za malire: dzina la munthu, chiwongo chake, mudzi ndi mfumu ya kwawo, pulazi kapena mgodi umene ankagwirako, ndi chaka chimene anamuona komaliza. Foni imene ili m'thumba la wachinyamata wa ku Chiwaridzo ikwanira kujambula mawu a agogo ake, ndipo dzina lotchulidwa ku Bindura likhoza kuzindikiridwa ndi wina ku Mchinji, ku Chadiza kapena ku Angonia tsiku lomwelo.